Shire Wasefukira pa Mutu Panga

Mankhwala a ku Gulupu anakolola tsitsi langa
osasiyako n'chokunkha chomwe.
Linkatsalira papilo, m'chipeso, m'beseni,
mpaka Zuze anatenga lezala n'kumalizitsa,
dzanja likunjenjemera ngati akusenda dzira.

M'mawa mwake ku mjigo
mai Alufandika anatula chidebe, nagwada:
"Pepani, uthenga sunatipeze. Watisiya ndani?"
Mpala wa mkazi kuno ku Bangula umanunkha maliro.
Ndinati palibe, ine ndine ndilipo,
koma maso awo ankawerenga masiku.

Duku ndinayesa.
Dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno
silinyengereka ndi nsalu:
mutu unkapsa ngati mbatata ya m'phulusa.

Ndiye kunabwera Luwiza, wanga wa Sitandade 5,
wogwa masamu chaka ndi chaka,
m'manja muli choko chakuba ndi pensulo yanga ya nsidze.
"Khalani pamtondo, amayi. Osagwedera."
Anayambira paliwombo kutsetsereka ndi Shire,
Ruo n'kudzalowa pamwamba pa khutu, pa Chiromo.
Nzimbe za ku Nchalo anazidzala pachipumi,
ng'ombe ziwiri za ku Ngabu, imodzi ya miyendo itatu,
ng'ona n'kuibisa kunkhongo
kuti ine mwini ndisaione.

Pofika masana thukuta linachita zake.
Shire anasefukira,
nzimbe zinalowa m'maso,
ng'ombe zinakokoloka mpaka m'khosi.
Zuze, amene chibwerere ku chipatala
sanaonetsepo dzino,
anakuwa ali pakhonde:
"Thawirani kumtunda! Mbuzi kwezani pamphuno!"
Anaseka mpaka kukhala pansi,
kenako anapita kuseri kwa nyumba
ati kukaona nkhuku.

Lachitatu tinamata thonje ndi vasilini,
lotsala m'thumba, loti ogula analikana.
Ndinakhala jaji wa khoti lalikulu,
tambala wa aneba ndinam'gamula zaka zisanu.
Tsiku lina anajambula bawo ndi khala,
koma njere za masau sizikhala pa mutu wozungulira;
zonse zinagubudukira m'bulauzi.
Usiku udzudzu unapeza bwalo la ndege.
Luwiza analemba ndi zilembo zikuluzikulu:
LATSEKEDWA.
Udzudzu wa ku Bangula sunapite kusukulu.

Si masiku onse.
Alipo ena a beseni pafupi ndi mphasa,
pamene madzi amakoma ngati msomali
ndipo fungo la choko lenilenilo limandidzutsa mseru.
Pamenepo mwana amanyowetsa chala m'kapu
n'kumayendetsa pang'onopang'ono pampala.
"Lotani, ndajambula chiyani?"
Mlamba? Ayi. Njinga ya bambo ako? Ayi.
Chimauma ndisanachidziwe,
ndipo iye sanena.

Ulendo wachinayi wa diripi
ndinakwera minibasi ndi duwa la nyika pamutu,
lenileni, la kudambo, lomata ndi selotepi,
masamba ake ojambula.
Kondakitala anafunsa ngati dimba limalipira.
Pokwera Thabwa linali litayamba kuwerama,
koma muwodi, mayi wina wa ku Mulanje
anandiyang'ana, nandiyang'ananso,
kenako anavula wigi yake pang'onopang'ono
ngati akuvundukula mtanga,
n'kuti, "Mwanayo amajambula tiyi?"

Tsopano ku mjigo mai Alufandika
sagwadanso. Amati, "Tatembenukani tione,"
ndipo dzulo anadandaula kuti ng'ona yawonda.

Adokotala akuti kwatsala maulendo awiri,
kenako tiona. Mawu awo n'ngomwewo: tiona.
Usiku wathawu Luwiza wapeza tiubweya titatu
pafupi ndi Chiromo, tofewa ngati ta mwana wa mbewa.
Wakwinya nkhope:
"Likamera lonse, ine ndizijambula pati?"

Ndati, mwanawe, pemphera
kuti bolodi lako likuthawe.
Wakhala chete, waganiza,
kenako wanola pensulo
n'kutizungulira mpanda
kuti ng'ombe zisadye.