Nkhono Yosamuka

Mvula ya ku Sunderland imangowaza, siitha.
Ndili m'kaofesi ka pansi, pafupi ndi masitepe,
kalata ya landilodi ili pa sikilini.
Ndikufuna pepala limodzi basi,
koma pulinta yati: ndiwe yani?

Ndalemba dzina langa, Zagwa Mkwezalamba.
Ndalemba mawu achinsinsi aja
ndinawaluka ku Ndirande pa laputopu yosweka kona:
dzina la mlongo wanga, chaka chimene anabadwa,
pakati pake kachilembo kopiringizika ngati nkhono.
Kabokosi kapukusa mutu,
kabwerera kopanda kanthu.

Kachiwiri. Kachitatu.
Kagetsi ka zilembo zazikulu n'kozima, ndaona.
Pulinta ndaizimitsa, ndaiyatsa,
yatsokomola, yakhala duu.
Ndatsegula kaundula wa zolakwa m'mimba mwa kompyuta,
mzere pansi pa mzere: wakanidwa, wakanidwa.
Liwu limeneli ndimalidziwa.
Linandipezapo mu envulopu ya khaki, chaka chatha.

Moira wa polandirira alendo wafika ndi tiyi wake,
wati mwina sanakulembe m'gulu la ololedwa kusindikiza.
Tafufuza. Dzina langa lilimo,
pakati pa Declan ndi Harpreet,
lakhala chete ngati wobwera mochedwa kutchalitchi.

Ndiye ndatopa ndi timadontho takuda tobisa zilembo.
Ndalemba mawuwo poyera, maso aone.
Ha! Pamalo pa nkhono
palendewera timizere tiwiri.
Kiyibodi ya kuno inasamutsa nkhono yanga,
inakaikhazika kumanja, pafupi ndi batani lalikulu,
koma chala changa chimapitabe pa nambala 2,
kugogoda pakhomo pamene mwini anachoka kale.
Si dzulo lomwe ndinayang'ana kumwamba masana
kufuna dzuwa pomwe ndinalisiya?

Ndachiphunzitsa chala njira yatsopano.
Pulinta yameza mate, yang'ung'udza,
yalavula pepala lofunda ngati lochoka pansi pa simbi.

Moira sanachoke. Maso ake ali pa sikilini.
Wafunsa, lilime likupunthwa: Ti-yan-ja-ne ndi ndani?
Chinsinsi chagwa pabwalo,
mawa ndiyenera kuluka china.
Koma dzina limeneli, miyezi isanu ndi itatu,
ndakhala ndikulilemba m'mawa uliwonse
osalitchula ndi pakamwa.

Pepala lili m'thumba la jekete.
Pa siteji ya basi ndatulutsa foni.
Kwathu ndi ma eyiti usiku. Sanagone.