Tikiti ya Pantoni

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndaima pa Zobwe pano
ndi mpukutu wa ndalama m'dzanja,
metikali mbali iyi, kwacha mbali iyo,
chala changa chinada ndi malovu owerengera.
Odutsa pachipata ndimawadziwira ku nsapato.
Amapita, amabwerako atanenepa kapena ataonda,
ine ndili pomwepa ngati chitsa cha pamphambano.

Lachinayi lija ndinkangothawa mvula.
Ndinalowa m'chisakasa cha Jerevaziyo,
cha malata akale ndi matumba a feteleza,
ndinapereka metikali asanu, n'kukhala pabenchi yogwedera
pakati pa anyamata a kabaza.
Iwo ankafuna wa nkhonya,
koma chimbale cha nkhonya chinali chitakalika.
Jerevaziyo anaika china, nati,
"Wosafuna atuluke, ndalama sizibwerera."

M'kanemamo munali mayi wa kudziko lozizira,
wogulitsa matikiti a pantoni m'mbali mwa mtsinje waukulu.
Chilankhulo chake palibe anachimva.
Koma ine ndinamva mmene ankang'ambira kapepala
osayang'ana nkhope ya munthu,
mmene ankatsekera kazenera madzulo
n'kukadya yekha, chiimire.
Anyamata anaseka. Ena anasankha kukanyowa.
Ine kukhosi kunauma.

Ndiye tsiku lina mayiyo anang'amba tikiti
pazenera palibe munthu.
Anaiyang'ana nthawi yaitali.
Anavula epuloni, natseka dzuwa lili paliwombo,
natsetserekera kumadzi,
phazi limodzi pamtunda, lina pathabwa,
jenereta inatsokomola kawiri.
Mdima bii.

"Mafuta atha," anatero Jerevaziyo.
"Nanga anawoloka?"
"Kaya. Nanenso sindinafikeko kumathero."

Usiku ndinagona chagada, maso ali kudenga.
Leokadiya anati, "Akuberani kodi?"
Ayi.
"Nanga mukuusiranji moyo?"
Ndinamufunsa ngati anamuonapo Zambezi.
Anati eya, pakalendala ya kuchipatala.

Loweruka tinakwera shapa ya mbandakucha,
iye atavala chitenje chimene ankasungira maliro,
ine mpukutu nditausiya pansi pa mphasa.
Tinatsika mapiri, juzi inayamba kulemera.
Milambe inayamba umodzi umodzi, kenako mudzi wathunthu.
Pa Mwatizi fumbi la malasha linatilowa m'mano,
mwana wa mayi wina anandisanzira pabondo,
ndipo sindinakwiye, ndikudabwabe mpaka lero.

Tete anatilandira ndi kutentha kwa ng'anjo.
Tinakana galimoto, mlatho tinauyenda pansi.
Ukamadutsa lole umanjenjemera ngati wamoyo,
Leokadiya anandigwira mkono pagulu,
chinthu chimene anasiya chaka chimene tinaika mwana wathu woyamba.
Pakati penipeni tinaima.
Madzi ofiirira, otakata, osafulumira,
bwato limodzi ngati khoko la mtedza.
Ndinayesa kuwerenga, poti ndi chizolowezi,
koma panalibe poyambira.

Kutsidya tinagula masawu ndi nsomba youma yamchere,
chenji sindinachiyang'ane.
Mwina anandidyera. Adye.
Leokadiya analavulira nthangala mumtsinje
n'kuseka mpaka kuoneka dzino lake lobenthuka lija
limene amabisa ndi dzanja kutchalitchi.

Lolemba ndinabwerera pachipata.
Makasitomala anga awiri anali atawatenga Zefaniyasi,
bondo linatupa masiku atatu,
ngongole ya shapa ndikubwezabe.
Koma tsopano ndikamapereka kwacha ndimakweza maso:
uyu ali ndi chipsera pachibwano,
uyu akupita kumaliro, sananene, koma zikuoneka.

Jerevaziyo anandiitana dzulo,
ati mafuta agula, chimbale chija chilipo,
ndibwere ndidzaone ngati mayi uja anawoloka.
Ndinati ndibwera.
Sindinapite.
Leokadiya wamva kuti ku Songo kuli khoma
lotsekereza mtsinje wonse uja,
ndipo wayamba kale kuponya makobidi m'chitini cha mkaka.