Funso Nambala 14

Anatiphunzitsa masiku anayi pa Boma,
m'holo ya fani imodzi yolira ngati bemberezi:
osamutsogolera woyankha, osaseka,
osadya kanthu pakhomo pa munthu.
Lachisanu ndinakwera njinga yamoto yodzera ku Namwera,
tabuleti m'chikwama, batire theka,
ndi mayina makumi atatu a mabanja
amene kompyuta inasankha isanawaonepo.

Pa Chiponde ndinakumana ndi Amade wa ku Mandimba.
Fomu yake ndi yanga n'zamapasa,
yake m'Chipwitikizi, yanga m'Chingerezi,
koma pofunsana za kunyumba tinagwera m'Chiyao
ngati apaulendo othawira mumthunzi.

Khomo lachisanu ndi chiwiri: Abiti Likagwa.
Zaka zakubadwa? Anawerengera njala.
"Ya chimanga chachikasu ija ndinali ndi mwana kumsana."
Ndinayerekeza, n'kulemba.

Munda uli kuti? Analoza ndi mlomo.
Mizere ya kumtunda ili ku Mozambiki,
ya kumunsi ili kuno,
pakati pali chulu ndi mtengo wa mango
wosadziwa dziko limene umagwetsera zipatso.
Tabuleti inkafuna dziko limodzi basi.
Kabokosi kanafiira, kanakana kusuntha.

Funso nambala 14:
madzi osefukira a chaka chatha
anakuwonongerani zinthu za ndalama zingati?

Anandiyang'ana, nayang'ananso Amade.
"Mu kwacha kapena mu metikali?"
Kenako anayamba kupinda zala.
Mbuzi ziwiri, imodzi ya bere.
Nkhokwe yonse ndi miyendo yake.
Mbewu ya mapira imene anasiya mayi awo,
yosapezeka m'sitolo iliyonse.
Dothi lakuda, kuya kwake chikhatho,
linatsika ndi mtsinje osadinditsa pasipoti.
"Mitengo anadula uko, makala tinagula kuno,
madzi pobwera kudzatolera ngongole
sanafunse kuti nkhwangwa inali ya yani.
Nanga njira ya kumanda a bambo a ana,
imene yasanduka chigwembe,
imeneyo muikapo zingati, mwanangu?"

Kabokosi kamalandira manambala okha.
Ndinalemba 340,000.
Mazirowo anandiyang'ana ngati maso a mbuzi zija.

Ndikudziwa kumene nambalayi ikupita.
A Dokotala Kamwachale ku Zomba
adzaiphatikiza ndi zinzake zikwi zinayi,
idzasanduka kadontho pa galafu,
galafuyo idzakwera ndege,
nduna za mayiko atatu zidzaiona pakhoma
zikumwa madzi a m'botolo.
Sindikunyoza. Mwina mlatho umayambira pa kadontho.
Koma kadontho sikanena kuti mbuzi ina inali ya bere.

Tikutsanzika, anagwira lamba wa chikwama changa.
"Mwafunsa makumi asanu ndi limodzi.
Nanenso ndifunseko limodzi.
Mvula ikagwa kwawo kwa uyu usiku,
kuno kuli nyenyezi mbuu,
adzandiuze ndani madzi asanafike pakhomo?"

Ndinasanthula fomu. Munalibemo.

Amade anatola khala pansi,
nalemba nambala ya foni yake pakhoma la khitchini,
manambala akuluakulu opendekeka,
pansi pake ya mlamu wake wokhala kumtunda kwa mtsinje.
"Ndikakuflashani kawiri, kwerani pachulu."
Panalibe siginecha, panalibe chidindo,
panalibe wojambula chithunzi.

Usiku ku resiti ndinaima pawindo
kusaka netiweki yotumizira mafomu.
Foni inagwira ya tsidya lina,
n'kundilandira m'dziko limene sindinapondemo.
Lipoti akuti lidzatuluka chaka cha mawa.
Mitambo, kum'mawa, yayamba kale kusonkhana.
Ndikungopempha kuti denga la khitchini lija lisadonthe,
lingafufute khala.