Kaputeni Sanafe ku Bangula

Jenereta itatsokomola n'kuzima
tinatuluka m'chisakasa cha kanema thukuta lili kamukamu,
Zuze akulumbira pali malemu bambo ake:
"Kaputeni anafa m'gawo lachinayi!
Chombo chinapsa kuseri kwa mwezi, tonse tikuona.
Wabwera leroyu ngwabodza, ngwa anthu ofuna ndalama."

Alufandika anangoseka, akusenda nzimbe ndi mano.
"Maiko ndi awiri, achimwene.
Kwina anafa. Kwina anachedwa kukwera."

Anakokanakokana mpaka pa njanji yakufa,
akuwerenga zaka za nyenyezi pa zala
ngati mlandu wa malire a dimba.

Ine ndinali duu.
Ndimaganiza za Ruo, umene chaka chija
unasiya njira yake n'kudzera kwathu.
Mapu a kusukulu akuti ukadali kwakale.
Woona ndi uti, wa papepala
kapena uja unalowa m'khitchini mwa amayi?

Ngati maiko alidi awiri,
kwinako mlatho wa Chiromo uli chiimire,
sitima ikulira,
ndipo mlongo wanga Nsayi
anachedwa kukwera bwato lija.

Mawa ndilipiranso pakhomo.
Zuze asandiuze kanthu.