Jekete Lakuda

Tilipo anayi m'chipinda cha anthu awiri,
jekete ndi limodzi.
Tinasonkherana, tinalifukula pa salaula ku Soweto
pansi pa mulu wa makatani,
mabatani awiri akuda, lachitatu lobiriwira.
Musonda analisoka m'khwapa ndi ulusi wa thumba la ufa.

Lachiwiri lililonse kuli khoti longoyeserera.
Amene akuyankhula ndiye avala.
Pa Mundia manja ake amalekera pachigongono,
pa ine limapsopsona mawondo,
Choolwe amalibweza lonyowa kumsana
ngati wachokera kudimba.

Woweruza ndi Dokotala Hamaundu,
mayi wamfupi, magalasi kunsonga kwa mphuno.
"Mwati mukuganiza?
Khoti silidya maganizo anu, bambo.
Mlandu uti? Chaka chiti? Tsamba?"
Tsamba lija limakuthawa ngati mphemvu poyatsa nyali.

Magetsi akazima timakhala pamasitepe a laibulale,
matochi a mafoni kukamwa,
udzudzu wa kumadamu a Goma ukutilipiritsa msonkho,
kuloweza madandaulo a anthu amene anafa kalekale
kudziko lomwe sitinapondeko:
mayi wina anapeza nkhono m'botolo la chakumwa,
ndipo ife ana a ku Katete, Mongu, Monze, Kasama
timam'dziwa kuposa azakhali athu.

Tsiku lina Amayi Nyendwa,
amene amakolopa khonde lathu tisanadzuke,
anaimika chokolopera pakhoma
n'kutulutsa mapepala m'jumbo ya shuga.
Mwamuna anamwalira mu Epulo.
Abale ake anatenga bedi, wailesi, zitseko ziwiri,
tsopano akufuna nyumba ya ku Kalingalinga.

Tinalumphira mapepalawo ngati agalu pa fupa.
Mundia anatchula gawo, Choolwe anatsutsa,
ine ndinaponyapo Chilatini chomwe ndinaphunzira dzulo lake.
Anatimvera mpaka tinatha mpweya.
Kenako anati:
"Nanga Lachisanu ndikagone kuti?"

Palibe buku linatsegula pakamwa.

Sitinadziwe kuti chitseko cha ofesi chinali chosatseka.
Loweruka m'mawa hutala inalira pansi pa zenera:
Dokotala, atamanga chitenje, patapata kuphazi,
kagalimoto kotsegukira kunja kokha.
"Lowani. Musatenge mabuku."

Ku Kalingalinga anakhala pa chigubu chamadzi.
Maola atatu osatchula mlandu ngakhale umodzi.
Anafunsa mayina a ana, makalasi awo,
amene anagula malata, amene anasenza mchenga.
Alamu aja atakweza mawu
iye anatsitsa ake,
mpaka onse anawerama kuti amve.
Lamulo analitulutsa kumapeto,
pang'ono, ngati mchere.

Kunali kwa Juni, mphepo yoluma makutu.
Kamwana kotsiriza kankanjenjemera pakhomo,
Musonda anavula jekete n'kukafunditsa.
Kanayenda nalo likukwekwereza fumbi
ngati loya wamkulu wa m'boma,
ndipo kwa nthawi yoyamba
tinamva Dokotala akuseka. Ali ndi mpata m'mano.

Nkhani sinathe. Zitseko zabwera, bedi ayi.
Atiuza kuti tikaonekere pa naini mwezi wamawa.
Amayi Nyendwa Lachisanu anagona kwawo,
Lolemba anakolopa khonde monga kale,
n'kutikalipira chifukwa cha makoko a nthochi.

Lachiwiri inali nthawi yanga.
Ndinavala jekete, fumbi likadali m'mphepete.
Ndinaima, ndinagwada ndi mutu, ndinayamba bwino ndithu.
"Tsamba, a Njobvu?"
Ndinapisa m'thumba kufuna kapepala kanga,
zala zinakumana ndi mtedza wokazinga
womangidwa m'kapulasitiki, mfundo ziwiri.

Anandipatsa makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu.
Pansi pake, ndi inki yofiira:
"Loweruka, sikisi koloko. Musachedwe."

Mtedzawo tinagawana anayi.
Mundia akuti unali wopanda mchere,
koma anatola ndi kakhungu komwe kanagwera pa bulangete.