Manja Kumbuyo

Lamulo la ntchito yanga ndi limodzi:
khala chete, manja kumbuyo, penya.
Choncho ndakhala pampando wogwedera
mu labu ya ku Chitedze,
kumbuyo kwa Mayi Kachingwe,
amene akhala ndi mtedza zaka makumi atatu,
amamva fungo la chuku chisanaoneke.

Lero akusaka batani.

Ndinalijambula ndine,
ku Area 47, usiku, jenereta ya aneba ikulira.
Ndinalipaka mtundu wobiriwira,
n'kuliika pakona, kudzanja lamanja,
pomwe ndinkati ngakhale mwana aliona.

Kamuvi kawo kakuzungulira pagalasi
ngati minibasi yosowa poima mu depoti.
Kadutsa pa batani langa. Kadutsanso.
Lilime likundiyabwa.

"Mwanawe," akutero osacheuka,
"manambala angawa, a mvula zisanu ndi ziwiri,
ndikadina apa apita kuti?
Abwerera?"

Funso limenelo sindinaliganizepo.
Ine ndinkawerenga masekondi,
kuti makina aakulu a m'chipinda chozizira chija
atafune ziwerengero msanga.
Iwo akuwerenga minda:
wa ku Mitundu, wa ku Nsaru,
wa mayi wina ku Malingunde
amene anawalola kukumba dothi lake
n'kuwapatsanso madzi akumwa.

Kenako magetsi azima. Zii.
Fani yaima pakati pa ulendo.
Pagalasi lakuda ndikuona nkhope ziwiri,
yawo yosadabwa, yanga yotuwa.
Apisa m'chikwama, atulutsa kope la chikuto chofiira
momwe nambala iliyonse inagona kale ndi bolopeni.
"Ili," akulisisita,
"silinandifunsepo pasiwedi."

Ndaseka. Koma ndalemba.

Madzulo, pa kabaza, powoloka Lingadzi,
fumbi la Okutobala lili m'mano,
ndikufufuta m'mutu zokongola zanga zonse.
Batani litsike pakati,
likule ngati chala chachikulu,
ndipo pansi pake pakhale mawu
onga a munthu amene wakusungira katundu pa siteji:
Zanu zasungidwa.
Magetsi akapita, mudzazipeza pomwe mwasiyira.

Fatsani wa maseva adzagwira mutu,
adzati imeneyo ndi ntchito ya masabata atatu,
ndipo bajeti inatha kale mu Juni.
Ndidzamugulira chipisi cha pachiwaya,
tidzakangana mpaka mchere utatha.

Lachinayi ndibwereranso ku Chitedze,
kumpando wogwedera uja,
manja kumbuyo,
kukaona ngati kope lofiira
likhale m'chikwama
ngakhale kwa ola limodzi.