Dazi Lasamuka

Mizere ya bwaloli ndimajambula ndine,
Lachisanu lililonse, ndi kangolo ka laimu kolira tayala,
ndiye musandiuze kuti mpira sindiudziwa.
Ndimawerenga kapinga.
Kapinga sanama ngati kanyuzipepala ka ana a koleji.

Chaka chatha, nthawi ya Van Tonder,
dazi linali pakamwa pa golo lathu,
pomwe anyamata ankaunjikana ngati okwera takisi pa Noord.
Chaka chino dazi lasamukira pakati pa bwalo.
Ndicho choyamba wachita Seroke:
wasamutsa dazi.

Anafika mu Febuluwale ndi kakope kobiriwira,
wezulo osaikonda, mawu ake apansipansi.
Tinati uyu ndi kochi kapena kalaliki wa kubanki?
Masewero khumi ndi amodzi apita.
Tapambana anayi, anayi tafanana mphamvu,
atatu atikwapula,
ndipo zigoli zinayi za ku Soweto zija
ndinazinyamula pachifuwa mpaka ku Turffontein,
ndinagona osavula nsapato.

Pali zomwe sindinamukhululukire.
Lwandle, mwana womenya njomba mpaka lefeli kuseka,
anamukhazika pa benchi masabata atatu
ati chifukwa anathawa mayeso a akaunti.
Akaunti!
Ife tikuzizidwa pa simenti mu Juni,
mphepo ya Joni ikulowera m'mabowo a malamba,
wochinya zigoli ali phee, wafunda jekete, akuwerengera manambala.
Ndiye kusintha osewera amachedwa nako,
amadikira ngati munthu woyembekeza chenji kwa kondakitala,
kope m'manja, nthawi ikutha, ife makosi atasasa.

Mayi Nangozo ogulitsa mazira pageti
akuti iwo amayeza kochi ndi mathileyi.
Kale limodzi linkabwerera kunyumba.
Pano atatu amatha chigawo choyamba chisanathe.
Dausi mlonda akuti zimenezo ndi njala chabe ya ophunzira,
achotsedwe basi, mpira wopatsirana kumbuyo
ndi wa anthu oopa ngongole.

Ine ndili ndi changa chomwe sindinawauze.
Tsiku lina chisanu chitayera pa kapinga
anandipeza ndikusungunula laimu.
Anandifunsa dzina, nalitchula molakwa, Nkwezalamba,
nabwerezanso mpaka linakhala.
Kenako anati: bwalo ulikuze, mapazi awiri uku, awiri uko,
malamulo amalola,
ana anga akufuna mpweya.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukankha kangoloka
palibe kochi anadziwapo kuti mizere ili ndi mwini.

Loweruka lake mwana wa kumapiko uja, Tshiamo,
anathamanga pomwe kale panali kunja,
mpira uli pa laimu wanga, osatuluka,
anaponya mtanda, mutu, ukonde gwedee!
Ndinakuwa m'Chichewa, palibe anamva,
koma chigoli chija mapazi awiri anali anga.

Ndiye mukandifunsa malikisi, ndimpatsa sikisi pa teni.
Imodzi ndamuchotsera ya Soweto,
imodzi ya Lwandle, ngakhale mayeso obwereza anakhoza,
ziwiri ndasunga m'thumba
kufikira majakaranda atachita maluwa ku Parktown
ndi mvula yoyamba itafufuta mizere yanga.
Pamenepo tidzaona ngati dazi lafika
pakamwa pa golo la eni ake.

Pakadali pano ndapempha matumba ena awiri a laimu.
Bwalo lakula, ofesi sinadziwe.